Miyendo ya Mkamwini

Ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo chaka chilichonse ikafika nthawi yophunzitsa za ubongo, ndimapita kusukulu nkhuku ili kukhwapa. Ana amaseka, ena amanong'onezana kuti aphunzitsi choko chawalowa m'mutu.  Ndimawatulutsa panja, n'kumwaza chimanga pansi, nkhuku ija n'kuyamba kujompha ndi kupalasa. Ikatanganidwa bwino, ndimaponya chipewa changa m'mwamba kuti mthunzi wake udutse pansi ngati wa kabawi. Pompo chimanga chimaiwalika, nkhuku liwiro kukabisala pansi pa maluwa a ahedi.

Ndiye ndimafunsa anawo kuti chasintha n'chiyani, popeza miyendo yothawira ndi yomwe ija imapalasa. Chasintha chili m'mutu. Mu ubongo muli timagulu ta mitsempha, kena koyang'anira kudya, kena kuthawa, kena kufungatira mazira, ndipo kamodzi kakadzuka kamatseka anzake pakamwa. Zili ngati pa mjigo: zidebe n'zambiri koma mpopi ndi umodzi, chidebe china chikalowa, chinzake chiyambe chadikira. Ana amalemba zimenezi m'makope, mayeso akabwera ena amakhoza. Chimene sindiwauza n'chakuti phunziroli sindinalitenge m'buku mokha. Ndinaliphunzira ndi miyendo yangayi, pakhomo pa apongozi anga ku Mkhumba.

Ine ndinakulira m'tauni, ku Limbe, kumene munthu ukakumana ndi wamkulu umamupatsa dzanja n'kumuyang'ana kumaso kuti aone kuti siwe wakuba. Ntchito itandiponya ku Phalombe ndinapezako mkazi, ndipo monga mwa mwambo wakuno ndinakakhala kwawo, uchikamwini. Nthawi yonse ya chinkhoswe ndi ukwati, mayi ake a mkazi wanga ankangoonekera patali, nkhope atayang'ana kumbali. Ine ndinkati ndi amanyazi chabe, ndipo mumtima ndinalonjeza kuti ndidzawamasula.

Sabata yoyamba yomweyo ndinakumana nawo m'kanjira kochokera ku mjigo, chidebe chili pamutu. Anapatukira m'mbali. Ine poona choncho ndinapatukira komweko, n'kutambasula dzanja.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anabwerera m'mbuyo. Ndinawatsata, n'kugwira dzanja lawo ndi manja anga onse awiri, n'kuligwedeza mwaulemu wonse umene ndinali nawo. Chidebe chinagwa, madzi anatithira tonse, iwo n'kuthawira m'chinangwa akulankhula Chilomwe chothamanga chimene sindinatolepo kanthu. Ndinatola chidebe n'kupita nacho kunyumba ndikudabwa. Safunsa anadya phula.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera malume ake a mkazi wanga, mlongo wawo wa apongoziwo, amene ndiwo mwini mbumba. Anali bambo wamfupi, wokonza njinga pamsika, zala zakuda ndi girisi. Sanakalipe. Anakhala pa mpando wanga, ine n'kukhala pa njerwa.

"Aphunzitsi," anatero, "kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake kumaso. Sadya nawo, sakhala nawo mphasa imodzi, sawakhudza ngakhale chala. Mukawaona akubwera, njira ndi yawo, inu lanu ndi tchire. Zaleroli takhululuka poti ndinu a m'tauni. Koma mukadzawagwiranso kachiwiri, mudzangopopa njinga yanu. Mkazi ndi wathu, ana akadzabadwa ndi athu. Zanu pano ndi njinga ndi mabuku."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Mkazi wanga ndinkamukonda, ndipo patapita chaka anandibalira mwana wamkazi wa mphumi ngati yangayi. Kuganiza kuti tsiku lina ndingadzatsike msewu wa ku Limbe ndekha, mabuku ali pa kaliyala, mwana atatsala, kunkandiopsa kwambiri.

Ndiye ndinayamba kuphunzira kuthawa. Miyezi yoyamba inali ntchito ya mutu: ndione patsogolo nsalu yofiira ngati imene ankakonda kuvala, ndiganize kuti kodi ndi iwo, ndisankhe mbali, ndipatuke. Koma thupi likazolowera chinthu silifunsanso mwini wake. Pofika chaka chachiwiri, miyendo inali itatenga udindo wonse. Apongozi anga anali ndi katsokomolidwe kawokawo, kouma, kawiri motsatizana, ndipo ndikangokamva ndinkapezeka ndili kale m'munda wa eni, ndisanadziwe n'komwe kuti ndamva kanthu.

Tsiku lina ndinakumana panjira ndi mnyamata wa folomu 3 amene anajomba masiku atatu. Ndinaima bwinobwino, chala m'mwamba, ndikumuuza za tsogolo lake. Ndili pakati pa mawu akuti "maphunziro ndi chuma", chifuwa chija chinamveka kuseri kwa mango. Chiganizo ndinakamalizira m'chinangwa, nditanyonyomala, tayi ili pamsana. Mnyamatayo anaima pamsewu osadziwa ngati chilango chatha kapena ayembekeze. Tsiku linanso ndinathawa nsalu yofiira imene inali itangoyanikidwa pa chingwe, mwini wake ali kumaliro ku Nazombe. Ndinakhala kuseri kwa khola la mbuzi mpaka mkazi wanga anatuluka n'kuianula, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

Kunena zoona zinkandipsetsa mtima. Munthu wa dipuloma, wodziwa kuti mtima uli ndi zipinda zinayi, kumathawa chitenje! Ndinkadziuza kuti mawa ndidzapatuka mwaulemu, pang'onopang'ono, ngati munthu wamkulu. Mawa likafika, miyendo inkachita zake.

Mwina mukufunsa kuti nanga pakhomo pamodzi tinkamvana bwanji. Pakakhala mkazi wanga, uthenga unkadzera mwa iye. Koma pakasowa munthu, apongozi anga anali ndi njira yawo. Anali ndi nkhuku yathadzi ya mtundu wa kameta, zija za khosi lopanda nthenga, imene inkawatsata paliponse. Ankaima kuseri kwa nkhokwe, msana atandilozetsa, n'kulankhula mokweza.

"Kameta iwe, kawauze aphunzitsi kuti mpanda wa bafa wagwa."

Ine ndili pakhonde panga, maso pansi, ndinkayankha kuti, "Kameta, ukawauze amayi kuti ndamva, ndikonza Loweruka."

"Kameta, uwafunse kuti Loweruka lake liti, poti lapitalo ananenanso chomwecho."

Nkhukuyo inkangopalasa zake pakati pathu. Itakalamba n'kudyedwa pa Khirisimasi, ntchito anaitenga mwana wake, wa khosi lomwelo. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha chotero. Nkhope ya apongozi anga sindinkaidziwa bwino, ndinkadziwa zidendene zawo ndi nsalu zawo. Ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza kuti mayi ameneyu sandifuna, akungodikira tsiku limene ndidzaphonye kuti mlongo wake abwere ndi pampu.

Tsikulo linafika mwezi wa nandolo, Loweruka masana, mphepo ikutsika m'phiri la Michesi n'kumaulutsa fumbi. Mkazi wanga anali atapita kuchigayo ndi mwana. Ine ndinkachokera kumsika ndikukankha njinga, pa kaliyala pali kabichi ndi botolo la mafuta ophikira. Ndinkadziwa kuti nthawi ngati imeneyo apongozi amakhala kumunda, ndiye ndinadutsa njira yachidule ya kuseri kwa nkhokwe yawo ndikuimba kamluzu. Nditangokhota, ndinawapeza ali pamphasa, masitepe atatu okha kuchokera pamene ndinali, mbale ya chinangwa chophika ili pamiyendo, nthuli ili m'kamwa. Maso athu anakumana.

Miyendo sinadikire kuti ndione kumene ndikupita. Inalumphira kumanzere, ndipo kumanzereko kunali dzenje la manyowa limene ndinakumba ndekha, lodzaza ndi ndowe za mbuzi ndi madzi otsukira mbale. Ndinagweramo chagada, njinga n'kunditsatira, kabichi n'kundigunda pamphumi.

Ndili m'dzenjemo ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanamvepo chibwerereni pamudzipo. Apongozi anga ankaseka. Osati kaphwete ka ulemu ayi, koma chikhakhali chenicheni chochokera m'mimba, uku akuyesa kuuza kameta kanthu kena m'Chilomwe koma mawu osatuluka bwino. Manyazi anandigwira, mkwiyo n'kubwera pamwamba pake. Kenaka kusekako kunaduka pakati, ngati wailesi yothimitsidwa. Kunangoti zii.

Ndinasuzumira. Anali ataimirira, manja onse awiri ali pakhosi, kukamwa kuli yasa, maso atatuluka, koma osatsokomola, osalira, osatulutsa liwu lililonse. Ndinadziwa pomwepo chimene chachitika, poti ndimachiphunzitsa. Pakhosi pamakumana njira ziwiri, ya chakudya ndi ya mpweya, ndipo munthu akamameza, ubongo umayamba watseka ya mpweya. Koma apa kumeza ndi kuseka zinafika pakhomo nthawi imodzi, nthuli ya chinangwa n'kulowera kolakwika. Apongozi anga anali atatsamwa, ndipo pamudzi ponse munthu amene anali pafupi ndinali ine.

Chochita ndinkachidziwa, anatiphunzitsa ku koleji pa za chithandizo choyamba. Koma chochitacho chinali kumenya munthu pamsana, zikakanika kumugwira m'chiuno. Ndinatuluka m'dzenje n'kuponya phazi limodzi kutsogolo. Linzake linabwerera m'mbuyo. Ndinayesanso, zomwezo. M'mutu mwanga munali anthu awiri akukanganirana miyendo iwiri yomweyo, wina akuti thamangira uko, wina akuti ukangowakhudza wapita ku Limbe, mwana umusiya. Ndinavina pamalo amodzi ngati munthu woponda moto. Akuluakulu ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinali pakati pa mvula.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinatembenukira kwa nkhuku.

"Kameta! Uwauze amayi atsokomole! Atsokomole mwamphamvu!"

Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimafuna kulowa pansi. Nkhuku inandiyang'ana ndi diso limodzi. Apongozi anandiyang'ana ndi onse awiri, ndipo m'masomo munalibe za mwambo, munali mantha okhaokha. Milomo yawo inayamba kuchita phulusa, mawondo n'kuyamba kupinda.

Sindinganame kuti ndinaganiza mozama n'kusankha mwanzeru. Sindinasankhe kanthu. Nditaona mawondo aja akupinda, wothawa uja m'mutu mwanga anangotsekedwa pakamwa, ndipo ndinapezeka ndili kumbuyo kwawo. Ndinawaweramitsa n'kuwamenya ndi chikhatho pakati pa mapewa, kasanu, mwamphamvu ndithu. Palibe chinatuluka. Ndinawazunguliza manja m'chiuno, chibakera pamwamba pa mchombo, n'kukokera mkati ndi m'mwamba. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu mapazi awo anachoka pansi, nthuli ija n'kuuluka kukagwa pafupi ndi mtondo. Kameta anaithamangira n'kuyamba kuijompha.

Apongozi anakoka mpweya ndi phokoso ngati la chitseko cha dzimbiri, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chawo chija, kawiri motsatizana. Chifuwacho chitangolowa m'makutu mwanga, wothawa uja anadzuka. Ndinazindikira kuti ndaima pabwalo masanasana, thupi lonse ndowe, nditakumbatira mayi ake a mkazi wanga. Ndinawasiya pamphasa n'kuliyatsa liwiro kulowa m'nandolo, osaima mpaka kumtsinje.

Tsoka lake, mayi wina woyandikana nafe ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni. Kutsamwa sanakuone. Anaona kumenya ndi kunyamula. Pamene ndinkabwerera kunyumba dzuwa litapendeka, nditasamba mumtsinje ndi zovala zomwe, mudzi wonse unali utamva kuti aphunzitsi apenga, amenya apongozi awo n'kufuna kuwagwetsa pansi. Mkazi wanga ndinamupeza maso ali psuu. Mayi ake anali atagona, mawu atatsekeka ndi kupweteka kwa pakhosi, ndipo anali asanauze munthu chilichonse. Ndinamufotokozera. Anandikhulupirira, koma anati, "Nanga amalume mukawauza chiyani? Kugwira mwawagwira."

M'mawa mwake titachoka kutchalitchi, mbumba yonse inasonkhana pansi pa mango. Amalume anafika ndi pampu ya njinga m'manja, n'kuigoneka pansi patsogolo pawo, osanenapo kanthu za iyo. Ine anandikhazika patali, chammbali, nkhope kuyang'ana ku Michesi. Mwana wanga anabwera kudzakhala pamwendo panga akudya nzimbe, osadziwa kuti nkhani yake ndi yomweyi. Ndinali ndi mantha kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga.

Mayi wa nkhuni uja anafotokoza zimene anaona, n'kuonjezerapo zina zimene sanaone. Makofi asanu aja anakwana khumi. Atandipatsa mpata, ndinayamba kulongosola za njira ziwiri za pakhosi, ndikujambula ndi kamtengo pa dothi.

"Aphunzitsi," anandidula amalume, "lero ndi Lamulungu, sukulu n'njotseka. Funso ndi limodzi. Munawagwira kapena simunawagwire?"

"Ndinawagwira."

"Pati?"

"Pamsana. Ndi m'chiuno."

Azimayi anagwira pakamwa. Amalume anayang'ana pampu ija, n'kupukusa mutu ngati munthu amene wapeza sipoko zothoka zambiri kuposa zimene amayembekeza. Apo m'pamene kumbuyo kwanga kunamveka mawu osasa, otuluka movutikira.

"Kameta iwe."

Anali apongozi anga. Nkhuku inali pomwepo, ikutola makoko a nzimbe.

"Kameta, tawafunsa alongo angawa. Mtembo uli ndi mkamwini? Aphunzitsiwa akanandilemekeza dzulo, bwenzi lero alongo anga atagwira khasu kumanda, osati pampu. Ulemu umenewo ndikanakaudya kuti?"

 Ndinamva mphasa ikukhwekhwereza, kenaka mapazi akubwera kumene ndinali. Miyendo yanga inayamba kufuna ntchito yake ya masiku onse. Ndinatsitsa mwana, ndipo ndinali nditadzuka kale theka pamene mkazi wanga anandigwira lamba kumbuyo n'kundikhazika pansi ngati mbuzi yokana kumangidwa. Apongozi anazungulira n'kuima patsogolo panga penipeni, nkhuku ili m'manja. Aka kanali koyamba kuona nkhope yawo modekha. Anali ndi kachipsera pachibwano, ndi mphumi yotakata ngati ya mdzukulu wawo. Zaka zonsezo ndinkati mphumi ya mwanayo ndi yanga.

"Bambo," anatero, kwa ine, osati kwa nkhuku, "landirani. Wamthengayu ntchito yamuthera. Kuyambira lero tizilankhulana tokha."

Ndinalandira ndi manja awiri.

"Koma chinthu chimodzi ndichisowa," anapitiriza. "Kudumpha kwanu kuja. Masiku ena ndinkatenga chidebe madzi ali tho m'nyumba, kungofuna ndione kuti lero aphunzitsi alowa tchire liti."

Bwalo lonse linaphulika. Ine amene ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi ndikuganiza kuti mayiyu amadana nane, ndinali sewero lake la tsiku ndi tsiku. Ndinafuna kukwiya koma misozi inanditsogolera. Amalume anatola pampu yawo, n'kunena kuti iwo anangobwera nayo poti anaona dzulo kuti tayala langa lakumbuyo laphwa, ndipo anapitadi kukalipopa.

Mwambo unathera pamenepo, koma miyendo sinalandire kalata. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, ndikamva chifuwa chija ndinkayamba ndalumpha kenaka n'kukumbuka. Iwo ankakuwa kuti, "Imani, bambo, munamasulidwa!" ndipo ndinkatuluka m'tchire ndikudzikuntha, n'kuwalandira chidebe. Tinadzakhala mabwenzi. Ankandiphunzitsa Chilomwe n'kumaseka katchulidwe kanga, ine n'kumawaletsa kuseka chakudya chili m'kamwa. Nkhuku ija sindinaiphe. Zimene ndimapita nazo kusukulu ndi zidzukulu zake, zonse za makosi opanda nthenga.

Apongozi anga anatisiya dzinja la chaka chatha. Anadwala masabata atatu, ndipo kuchipatala ndinkawanyamula ndine, panjinga yomwe ija, manja awo atandigwira m'chiuno kuti asagwe.

Ana a sukulu ndimawauza kuti ubongo ukaphunzira njira, suifafaniza msanga ngakhale ntchito yake itatha. Mwezi wathawu ndinkachokera kumsika, nandolo atauma, mphepo ikutsika m'phiri. Nditafika pokhotera kuseri kwa nkhokwe ija, munthu wina anatsokomola patali, kawiri motsatizana. Ndinapezeka ndili m'munda, njinga ili m'manja, maso pansi. Ndinadziwa bwinobwino kuti si iwo. Komabe ndinaima momwemo kanthawi ndithu, njira nditaisiya yopanda munthu, kudikira kuti wina akuwe kuti ndinamasulidwa.